Anambewe ndi Nkhata za Magalagadeya

Sabata yatha tinapita kumanda a ku Mbudzi kukalambula mtumbira wa Anambewe, popeza chaka chakwana chitisiyireni. Tinali amayi ochepa a sosaite yathu ya maliro, ija ya ife a ku Highfield amene makolo athu anachokera ku Malawi ndi ku Chipata. Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona, anandiona ndikuchotsa maluwa a pulasitiki amene wina anasiya pamtumbirapo, ndipo anandifunsa ngati kumeneko si kulakwira wakufa. Ndinamuyankha mwachidule poti dzuwa linali litatentha. Yankho lenileni ndi lalitali.

Dzina la ubatizo la Anambewe linali Agnesi, koma ankawatchula choncho ndi wansembe yekha. Ine ndinagulitsa nawo moyandikana pamsika wa ku Machipisa zaka zambiri, ine tomato ndi anyezi, iwo magalagadeya, amene anthu akuno amati giranadila. Tinkakhalanso msewu umodzi. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Kunong'ona sankakudziwa. Akati akutsine khutu za munthu, munthuyo ankamva ali tsidya lina la msewu, ndipo ife tinazolowera kuwauza zinsinsi zokhazo zimene tinkafuna kuti zifalikire.

Anabadwira pafamu, kumpoto uko cha ku Centenary. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi, koma Anambewe eni ake dziko la Malawi anafa osaliona. Anzathu a Chishona pamsika akamawaseka kuti ndi Mabhurandaya, anthu opanda kumudzi kokaikidwa, iwo sankapsa mtima. Ankavomera kuti inde mudzi alibe, komboni imene anakuliramo inagwa kale, koma ankati mudzi wa munthu wotere ndi anthu amene adzaime pamanda ake. Mawu amenewa ankawanena kawirikawiri mpaka ife tinkawamalizira, koma iwo sankaseka nawo.

Chifukwa cha chimenechi, ntchito imene ankainyadira sinali ya pamsika ayi, koma yoluka nkhata za maliro. Pafamu paja ankagwira m'shedi yomangira maluwa opita kunja pa ndege, ndipo zala zawo zinaphunzira kumanga tsinde popanda kulithyola. Pamaliro athu, manda akakwiriridwa, munthu mmodzi amaimirira n'kumaitana: nkhata ya ana, nkhata ya abale, nkhata ya mpingo, nkhata ya anansi. Oitanidwawo amabwera, kugwada, kuika nkhata yawo, n'kubwerera. Anambewe ankati pamenepo m'pamene dziko limaona kuti wagona apayu anali ndi anthu. Maliro akagwa, ankadzuka m'mawa kupita ku Waterfalls, dera la nyumba zikuluzikulu, kukapempha maluwa a m'mipanda kwa anyamata osamalira mabwalo a nyumba, ndipo sankabwera chimanjamanja, chifukwa kuwakaniza kunali kotopetsa kuposa kuwapatsa. Nkhata za pulasitiki za m'sitolo ankadana nazo koopsa. Ankati duwa losafota silidziwa maliro, ndipo kuliika pamanda kuli ngati kutuma munthu wina kuti akakulirire.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mpanda wa waya, ndipo pawayapo panayanga magalagadeya. Nthangala zake anachoka nazo kufamu atazimanga pansonga ya chitenje, chaka chimene anthu onse a m'komboni anauzidwa kuti anyamuke. M'mawa uliwonse maluwa akatseguka, ankatenga nthenga ya nkhuku imene inkakhala m'kachitini pawindo, n'kumayenda duwa ndi duwa, kutapa ufa wachikasu apa n'kukapaka apo. Ankati ku Highfield njuchi n'zaulesi ngati amuna a kumowa, ndiye ntchito yawo ankaigwira okha. N'chifukwa chake mpanda wawo unkabala mpaka waya kulendewera, pamene ife tikadzala zinkangochita masamba.

Amene sanalione duwa la galagadeya pafupi aphonya. Pakati pake pali timaulusi tambirimbiri tozungulira, toyera kunsonga, tofiirira kutsinde. Anambewe ankalozapo ndi nthenga ija n'kunena kuti ameneyo ndi korona. Anamva kwa wansembe wachikulire amene ankabwera kufamu pa njinga yamoto kudzachita Misa pansi pa shedi. Iye anawauza kuti mawuwo ndi a Chilatini, atanthauza nkhata kapena chisoti chozungulira mutu, ndipo odziwa za zomera amatchula timaulusi timeneti choncho, pamene akhristu akale ankaonamo chisoti chaminga cha Ambuye. Anambewe izi zinawakhala bwino, poti korona wina anali naye kale m'khosi, uja wa mikanda timapemphera ife Akatolika.

Korona wachitatu anamuona kumwamba. Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri moti nthawi zina ndimaiwala kuti sindinaliko. Inali nyengo yozizira, chakumasana, pamene kadamsana anagwira dzuwa lonse kumpoto kuja. Kufamu kunabwera alendo a kunja ndi timagalasi ta mapepala, n'kugawirako antchito. Kunja kunada, nkhuku zinalowa m'khola, ana anayamba kulira, ndipo azimayi ena anagwada poganiza kuti dziko latha. Anambewe anayang'ana kumwamba n'kuona chinthu chakuda bii, chozunguliridwa ndi timaulusi toyera ta kuwala. Ankati anaseka okha pakati pa anthu olira, chifukwa anazindikira duwa la kumunda kwawo. Mayi wina mwa alendowo, amene Anambewe anamugwira mkono n'kumulozera, anati kuwala kumeneko akatswiri a zakumwamba amakutcha korona, ndipo kumakhalapo masiku onse, kungoti kumaoneka pokhapokha dzuwa lenilenilo likaphimbika. Anambewe ankamaliza nkhaniyi monyadira ngati dzuwalo analiphimba ndi iwo.

Tsopano tsidya lina la mpanda uja kunkakhala Bambo Zulu. Anali Mngoni wa ku Chipata, wamtali, wovala jekete ngakhale m'chilimwe, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'chipatala china chachikulu m'tauni, yokankha odwala pamachira. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Misozi, anakwatiwa kwawo ku Chipata. Anthu awiriwa sankatha tsiku osakangana. Magalagadeya ankawoloka waya n'kukayanga mbali ya a Zulu, ndipo a Zulu ankatuluka ndi sizasi kuopseza kuti adula. Ankati zipatso zowawasa ngati zimenezo iwo sadya, zimangowadetsera pabwalo. Anambewe ankawerenga ndi maso zipatso za mbali imeneyo n'kumalengeza kwa msewu wonse kuti zikuchepa, ndipo mwina ku Chipata mbewa zimavala jekete.

Ngakhale korona ankamulimbirana.

"Imwe amai, mau aya ni ya madokota," ankatero a Zulu atatsamira waya. "Mu mtima wa munthu muli mitsempha yozungulira monga chisoti, ndiye koronale. Ikatsekeka, mwapita. Nakankha anthu ambiri ine amene inawatsekekera."

"Madokotala anuwo anabwereka kwa Amayi Maria," ankayankha Anambewe. "Ndipo inu munkakankha bedi, bambo, simunkang'amba mitima. Chotsani chigongono pa maluwa anga."

Matenda aja atafika, wailesi n'kuyamba kunena za korona m'mawa ndi madzulo, a Zulu anayenda ngati apambana mlandu. Anafotokozera aliyense pamzere wa madzi kuti kachilomboko kali ndi timinga tozungulira ngati chisoti, n'chifukwa chake anakatcha choncho. Anambewe anakana kwamtuwagalu kutchula matendawo ndi dzina limenelo. Mpaka imfa yawo ankangoti chifuwa chija. Ankati mawu amene anawapemphera, kuwalima ndi kuwaona kumwamba sangawapereke kwa kachilombo.

Chifuwa chija chinawatenga a Zulu mu Januwale, mvula ili pakati, nthawi imene tonse tinatsekeredwa m'nyumba kachiwiri. Ambulansi inawanyamula ndipo sanabwerenso. Uthenga unafika kwa wapampando wa sosaite kuti thupi silibwera kunyumba, lichoka kumochale kulunjika ku Mbudzi mawa lake masana, ndipo oika ndi antchito a zaumoyo. Bokosi sosaite inalipira, koma wapampandoyo naye anali chigonere akutsokomola. Makombi, maminibasi athu akuno, sankayenda. Misozi analira pafoni kuti malire atsekedwa, sangathe kuwoloka. Ndinayenda khomo ndi khomo kufuna operekeza maliro, ndili ndi masiki kukamwa, ndipo aliyense ankandiyankhira pawindo kuti pepani, ali ndi ana. Sindikuwaweruza. Mantha anali enieni, ndipo ine ndemwe ndinali nawo. Koma zinaonekeratu kuti a Zulu akalowa m'manda popanda ndi mmodzi yemwe wowadziwa dzina.

M'mawa mwake ndinamva phokoso la chikwanje kuseri kwa Anambewe. Nditasuzumira, ndinapeza theka la mpanda lili pansi. Magalagadeya anali atachita maluwa kuposa zaka zonse, tizipatso tating'ono tili mbwee, ndipo ndi zimenezo zimene akanadya nazo msika ukadzatsegulidwa.

"Mayi, mwapenga? Mudzagulitsa chiyani?"

"Ku Waterfalls mageti ngotseka, mwana wanga. Maluwa ali pano ndi awa basi."

"Ndiye thyolani pang'ono, muluke imodzi."

"Imodzi ya ndani? Munthu uja ali ndi mwana, ali ndi abale, ali ndi mpingo, ali ndi ife. Ukufuna akagone ngati chidakwa chotoledwa m'ngalande? Gwira apa."

Ndinagwira. Anadula mpaka kutsinde, chifukwa nthambi zanthete sizigwira nkhata, pamafunika zokhwima zopinda mkombero. Anakhala pansi miyendo tambalale n'kuluka nkhata zinayi, maluwa onse akuyang'ana kumwamba. Ankafulumira, poti duwa la galagadeya ndi la tsiku limodzi, likatseguka m'mawa pofika madzulo latseka. Atamaliza anaziika m'beseni, kuwaza madzi, kuphimba ndi chitenje chonyowa, n'kusenza. Sanandipemphe kuti ndiwaperekeze. Anangondiuza kuti nditenge ambulera ndi foni yanga.

Ulendo wochoka ku Highfield kukafika ku Mbudzi wapansi si wa munthu wa zaka zawo, koma amene ankatsalira m'mbuyo ndi ine. Misewu inali zii. Pamsewu waukulu wa ku Masvingo tinapeza apolisi atatseka njira, ndipo mnyamata wina wa yunifolomu anatiimitsa mwaulemu n'kufunsa m'Chishona kumene gogo akupita nthawi yoletsedwa ino. Anambewe anatula beseni, n'kuvundukula chitenje.

"Ndiri kuenda kunoviga muvakidzani wangu," anatero, kuti akupita kukaika mnansi wawo. Kenaka anatembenukira ku Chichewa, monga ankachitira mtima ukadzaza. "Alibe munthu, mwanangu. Ukandibweza, upite ndiwe ukaike maluwawa."

Mnyamatayo anayang'ana nkhata zija nthawi yaitali. Anapita kukalankhula ndi mkulu wake, n'kubwerera kudzatiuza kuti tikonze masiki bwino ndipo tikaime patali. Anawathandiza kusenza beseni.

Tinafika galimoto ya kumochale itangofika kumene. Anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anatsitsa bokosi lokulungidwa m'pulasitiki, ndipo anatilozera pamene tiyenera kuima, kutali ndithu. Ntchito yawo anaigwira mwachangu, popeza manda ena ankawadikira. Panalibe nyimbo, panalibe mlaliki. Ine ndinalira, osati kwenikweni chifukwa cha a Zulu, koma chifukwa cha kufulumira kwake. Atakwirira n'kupopera mankhwala, mmodzi anatikodola kuti tsopano tikhoza kuyandikira.

Anambewe anandiuza kuti ndimuimbire Misozi ndipo ndikweze foni m'mwamba. Kenaka anaika beseni pansi chapatali, anakonza duku, anaima chilili ngati pali khamu la anthu, n'kuitana ndi mawu awo aja osadziwa kunong'ona.

"Nkhata ya ana!"

Anadikira pang'ono, monga timachitira kuti oitanidwa adzuke. Kenaka anatola nkhata yoyamba, anayenda pang'onopang'ono mpaka pamtumbira, anagwada m'matope, anaiika kumutu, n'kubwerera pamalo paja. Pafoni ndinamva Misozi akulira mokweza.

"Nkhata ya abale a ku Chipata!"

Anayendanso, anagwadanso. Maondo awo ankalira podzuka, koma nditafuna kuwagwira mkono anandikankha. Anaitana ya mpingo, ngakhale a Zulu sanali a mpingo wathu ndipo Anambewe ankawanena kuti amapemphera mofuula ngati Mulungu ndi gonthi. Anthu a zoyera aja anali atasiya mafosholo awo, ataima duu kumanda ena, akuyang'ana. Mmodzi anaweramitsa mutu.

"Nkhata ya anansi!"

Iyi anandipatsa kuti tigwirizane, wina uku wina uku. Titaiika, sanadzuke msanga. Anatulutsa korona wawo wa m'khosi, napemphera pang'ono, kenaka analankhula ndi mtumbirawo ngati akulankhula pa waya paja.

"Bambo Zulu, mpanda uja mwaudula tsopano. Mtima ukhale pansi."

Chaka chimenecho Anambewe analibe chogulitsa. Tsinde lija silinaphukenso, linauma. Msika utatsegulidwa ankakhala pambali panga kundithandiza kupanga milu ya tomato, akukangana ndi makasitomala anga mpaka ena kuthawa. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sankadandaula. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kunena kuti maliro n'kulirana, ndipo tomato wanga ndikumuika wowola pansi, anthu akuona.

Mvula yotsatira itagwa, anthu amene ankachita lendi nyumba ya a Zulu anaitana Anambewe kuti adzaone. Kuseri, pafupi ndi sitepe imene malemuwo ankakonda kukhalapo masana, panali patamera timbewu ta magalagadeya tothithikana ngati nazale. A Zulu anali ndi mano oikirira, ndipo nthangala zinkawalowa kunsi kwake, ndiye ankazilavula. Anambewe anaseka mpaka kukhala pansi. Anaitana msewu wonse kuti udzaone umboni wa munthu amene sankadya zowawasa. Anazulako pang'ono n'kudzala mbali yawo, koma mmera umodzi anausiya pomwepo, ndipo ndi umenewo umene unakula msanga n'kuyanga waya kuchokera mbali ya a Zulu kubwera kwawo.

Anambewe sanafe ndi chifuwa chija. Anagwa m'mawa wina chaka chatha ali ndi nthenga m'manja, ndipo adokotala anatiuza kuti mitsempha ya mumtima inatsekeka. Ndili pakhonde la chipatala, misozi ili m'maso, ndinapezeka ndikuseka, chifukwa ndinawamva a Zulu akunena kuti nanga sin'nakambe.

Maliro awo anali aakulu. Ana awo aamuna awiri anabwera kuchokera ku Joni ndi nkhata zazikulu za m'sitolo, za pulasitiki, zonyezimira ndi maliboni. Sitinawaletse, anali ana ofedwa ndipo anachita zimene ankadziwa. Woitana anaitana ya ana, ya abale, ya mpingo, ya sosaite, ya amayi a pamsika, ndipo mtumbira unadzaza. Atati atseke mwambo, kumbuyo kunaimirira mayi wina wamtali amene ambiri sankamudziwa. Anali Misozi. Anakwera basi kuchokera ku Chipata atangomva uthenga, ndipo m'mawa umenewo ndinamuona kuseri kwa nyumba ya bambo ake ali ndi sizasi yawo ija. Sanadikire kuti wina amuitanire.

"Nkhata ya a Zulu!" anaitana yekha.

Inali nkhata yokhota, yomangidwa ndi munthu amene sanalukepo, ndipo Anambewe akanaiona akanaimasula n'kuyambiranso. Koma maluwa ake anali amoyo, otseguka, timaulusi tawo tikuyang'ana kumwamba. Anthu anapatuka kumupatsa njira. Anagwada n'kuiika kumutu, pamwamba pa mapulasitiki onse aja.

Dzulo ndinadutsa kunyumba kwawo. Ana aja anaikamo anthu a lendi, anthu abwino ndithu, koma amachoka m'mamawa n'kubwera kutada. Mpando wawo wachitsulo ukadali kuseri, wachita dzimbiri m'miyendo, ndipo chitsa cha mpanda wakale chili pomwe anachidulira. Magalagadeya a mbali ziwiri zija anakumana pawaya n'kupiringizana, moti sungadziwenso kuti nthambi iyi ndi ya Anambewe kapena ya a Zulu, ndipo palibe amene akufunsa. Achita maluwa ambiri chaka chino. Amatseguka m'mawa, madzulo n'kutseka, mawa lake n'kugwa pansi osasiya chipatso. Kachitini kaja kakadali pawindo, nthenga ili momwemo. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenaka ndinatula dengu langa, ndinatsegula geti, n'kukaitenga.